Unitrans: Mabasi a Ophunzira a ku Davis

Mu mzinda wa Davis, m'chigawo cha California ku America, ukakwera basi ya mumzinda, amene wagwira chiwongolero nthawi zambiri amakhala mnyamata kapena mtsikana woti akaweruka pamenepo athamangira m'kalasi. Wogawa mashifiti ndi wophunzira. Wolankhula pa wailesi kuuza madalaivala kuti msewu wakutiwakuti watsekedwa ndi wophunzira. Ngakhale wophunzitsa dalaivala watsopano kukhota ndi chibasi chachitali pa mphambano yothina, nayenso ndi wophunzira, woti ntchitoyo anayamba chaka chatha kapena chinacho. Dzina la bungweli ndi Unitrans, ndipo ndi nthambi ya ASUCD, bungwe la ophunzira a pa yunivesite ya California ku Davis. Inayamba mu 1968 ndi mabasi awiri akale ochokera ku London. Mliri wa Covid-19 usanagwe, inali ndi mabasi pafupifupi 50 ndi ophunzira ogwira ntchito oposa 200, ndipo anthu ankakwera maulendo pafupifupi 4 miliyoni pachaka.

Amene anadutsapo pa sukulu ya ukachenjede akudziwa mmene zinthu za ophunzira zimathera. Komiti imalowa ndi moto, n'kuyambitsa kantini kapena kanyuzipepala. Eni maganizo aja akalandira madigiri n'kuchoka, otsala amapeza mabuku a ndalama osokonekera, makiyi osadziwika amene anawatenga. Unitrans inabadwa ndi vuto lomweli, chifukwa pafupifupi aliyense wogwira ntchito kumeneko amachoka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo atsogoleri a ASUCD amasinthidwa chaka ndi chaka. Komabe yapitirira zaka 55 ikuyenda. Osimba mbiri yake ambiri amathera pa mabasi ofiira a ku London, poti ndi amene amakoma pa chithunzi. Ine ndikuona kuti chimene chaisunga ndi mmene anamangira nkhani ya ndalama, ndiponso ntchito imene inagwiridwa pa misewu ya pasukulupo basi yoyamba isanafike n'komwe.

Davis ili m'chigwa cha Sacramento, makilomita pafupifupi 25 kumadzulo kwa mzinda wa Sacramento, likulu la California. Malo ake ndi athyathyathya, opanda chitunda choti munthu n'kutsikira panjinga, ndipo mbali zonse yazunguliridwa ndi minda ya matimati, mpendadzuwa ndi mitengo ya zipatso. Sukuluyi inayamba ngati famu yophunzitsirapo zaulimi ya yunivesite ya ku Berkeley, ndipo inalandira ophunzira oyamba mu 1908. Kwa zaka 50 inali malo a ng'ombe, mbewu ndi mathirakitala. Mu 1959 inakwezedwa kukhala yunivesite ya maphunziro a mitundu yonse, anthu n'kuyamba kukhamukirako. Mu 1960 m'tauniyo munali anthu osakwana 9,000, koma pofika 1970 anali atapitirira 23,000.

Nthawi imeneyo ku America yankho la anthu akachuluka linali limodzi, kukuza misewu ndi kuthira phula pa malo oimikapo magalimoto. Clark Kerr, amene anali mkulu wa masukulu onse a yunivesite ya California kuyambira 1958, anaseleulapo kuti mavuto aakulu a woyendetsa yunivesite ndi atatu: zibwenzi kwa ophunzira, masewera kwa amene anamaliza maphunziro, ndi poimika galimoto kwa aphunzitsi. Ku Davis kunali Emil Mrak, katswiri wa sayansi ya zakudya, amene anatsogolera sukuluyo kuyambira 1959 mpaka 1969. Mkuluyu ankakonda njinga, ndipo anauza ojambula mapulani kuti akufuna sukulu ya mitengo yambiri, yoyendamo anthu pa njinga zakapalasa. Mu 1967 misewu ya pakati pa sukuluyo inatsekedwa kwa magalimoto a anthu wamba. Anaika mageti, malo oimikapo magalimoto n'kukankhidwira m'mphepete, pakati ponse n'kusiyira oyenda pansi ndi apanjinga.

Kunja kwa mpanda nakonso kunali phokoso lake. Mphunzitsi wina wa zachuma, Frank Child, ndi mkazi wake Eve, anali atakhalako ku Netherlands, ndipo atabwerera ku Davis anayamba kusonkhanitsa anthu kuti khonsolo ipatule mbali ya msewu yoyendamo njinga zokha. Makhansala anakana, ati lamulo silikulola ndipo sizinachitikepo kwina kulikonse. Pa chisankho cha 1966 anthu anavotera makhansala ogwirizana ndi maganizowo, nyumba ya malamulo ya California inasintha lamulo, bwanamkubwa Ronald Reagan n'kulisayinira. Mu 1967 Davis inajambula misewu yake ya njinga, imene imawerengedwa kuti ndi yoyamba ya mtunduwo mu America yense.

Tsono basi inabwera bwanji pamalo oti njinga inali itapambana kale? Njinga ili ndi nyengo yake. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ku Davis kumagwa mvula yozizira, ndipo m'mawa wina chigwa chonse chimakutidwa ndi chifunga chochindikala choti sungaone galimoto ili pafupi. Nyumba za lendi zimene ophunzira ankakhala zinkamangidwa motalikiratalikira ndi sukulu pamene tauni inkakula. Panalinso ena oti njinga sangakwere, kaya chifukwa cha ulumali, kuvulala kapena mantha chabe. Atsogoleri a ASUCD anaganiza zoti asadikire wina aliyense. Dzina limene limatchulidwa kwambiri pa chiyambi chimenechi ndi la Bob Black, amene anali pulezidenti wa ophunzira chapakati pa zaka za m'ma 1960. Mu 1968 anayambitsa chimene anachitcha University Transport System, mabasi awiri pa njira ziwiri, dzina limene pambuyo pake linafupikitsidwa kukhala Unitrans. Zinali zaka zoti ophunzira ankafuna kudzigwirira okha zinthu. Chaka chomwecho anatsegula malo awo odyera otchedwa Coffee House, ndipo mu 1971 anatsegula Bike Barn, shopu yokonzera njinga. Zonse zitatuzi zilipo mpaka lero.

Mabasi amene anasankha ndi osanja, a mtundu wa RT. Ambiri a mtunduwu anapangidwa pakati pa 1947 ndi 1954, ndipo kwa zaka zambiri ndiwo anali nkhope ya misewu ya London. M'ma 1960 mzindawo unali utayamba kuwapumitsa ndi kuwagulitsa pamene mabasi atsopano a Routemaster ankalowa, ngakhale omaliza anayendabe mpaka 1979. Basi ya RT imakhala ndi mipando 56, pansi 26 ndipo pamwamba 30. Dalaivala amakhala yekha m'kachipinda kake pambali pa injini, kosalumikizana ndi kwa okwera. Anthu amakwerera kumbuyo, pa kakhonde kopanda chitseko, pamene pali chitsulo chogwira ndi masitepe okhota opita pamwamba. Basi yoteroyo singayende popanda kondakitala, chifukwa dalaivala saona bwino amene akukwera ndi kutsika. Amadikira chizindikiro kuchokera kumbuyo kuti anyamuke.

Apa ndiye panali chimpweteka chenicheni. Ku London magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu monga timachitira kwathu kuno, choncho chiwongolero chili kumanja ndipo khomo la okwera lili kumanzere, mbali ya oyenda pansi. Ku America amayenda kumanja. Basi ya ku London ikaima pa siteji ku Davis, mbali imene yayang'ana anthu odikira ndi yopanda khomo, ndipo kakhonde kaja kamakhala kataloza pakati pa msewu, kumene kukudutsa magalimoto ndi njinga. Wotsika akaponda pansi amaponda m'njira ya galimoto. Ntchito ya kondakitala wa ku Davis inakula pachifukwa chimenechi. Basi ikaima, iye ndiye woyamba kusuzumira kumbuyo, kambendera kali m'manja kuchenjeza obwera m'mbuyo, kenako n'kulola anthu kutsika ndi kuzungulira kumbuyo kwa basi mpaka atafika pambali pa msewu. Okwera nawo amadzera momwemo. Onse akalowa, iye amakwera pomaliza, n'kugwira chitsulo, n'kuuza dalaivala kuti tiyeni.

Katswiri aliyense wa zamtengatenga akanafunsidwa nthawi imeneyo akanawaletsa. Mabasi a zaka pafupifupi 20, khomo kolakwika, zitsulo zosinthira zili kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Koma ophunzira aja anali ndi nzeru yawo. M'dziko loti galimoto ndi ulemu wa munthu ndipo basi imaonedwa ngati ya osowa pogwira, chovuta choyamba chinali kukopa mwana wa zaka 18 kuti akwere basi osachita manyazi. Chibasi chofiira chosanja chikamadutsa pakati pa minda ya matimati aliyense ankatembenuka, ndipo aliyense ankafuna kukakhala pamwamba, pa mpando wa kutsogolo. Otsatsa malonda sanafunikenso. Mtengo wa chisankhocho anaulipira ndi amakaniko, amene kwa zaka zonsezi akhala akusakasaka zitsulo, kusula zina okha, kuchotsa mainjini akale n'kuikamo atsopano. Imodzi mwa mabasi akalewa anafika poisintha kuti iziyendera gasi.

Chaka chimene Unitrans inasiya kukhala kachinthu ka ophunzira okha ndi 1972. Inatsegula makomo kwa aliyense wokhala mu Davis, ndipo khonsolo ya mzinda inayamba kuthirapo ndalama. Zinthu ziwiri zinakumana nthawi imeneyo. Mu 1971 California inakhazikitsa lamulo lotchedwa Transportation Development Act, limene limapatula kota ya senti pa dola iliyonse ya malonda, kuchokera mu msonkho wa zogulagula, kuti ibwerere m'maboma ang'onoang'ono kukathandiza mabasi ndi zina za mayendedwe. Chaka chomwecho cha 1971 America inatsitsa zaka zoyambira kuvota kufika pa 18, ophunzira n'kukhala ovota a mumzinda. Pa chisankho cha makhansala cha 1972 Bob Black uja anapambana mpando, ndipo pambuyo pake anadzakhala meya wa Davis.

Khonsolo ikanatha kuyambitsa kampani yakeyake ya mabasi, monga inachitira mizinda yambiri. M'malo mwake inaona kuti pali kale mabasi, madalaivala ndi galaja, n'kusankha kugwirana manja ndi ophunzira. Ubwino wake unali woonekeratu, chifukwa kudzera mu khonsolo Unitrans inayamba kufikira ndalama za chigawo ndi za boma lalikulu la ku Washington, zimene zimagula mabasi atsopano ndi kumanga malo okonzera. Koma ndalama ya boma imabwera ndi zingwe zake. Mabasi anayenera kuyenda ngakhale sukulu itatsekera, kudutsa m'madera mokhala mabanja, kunyamula agogo opita kuchipatala ndi ana a sekondale. Mabuku a ndalama anayenera kukhala oti owerengera a boma atha kuwafufuza. Pang'onopang'ono panakhazikika kagulu kochepa ka antchito okhazikika, monga manijala wamkulu, amakaniko ndi oyang'anira maphunziro a madalaivala, amene sachoka ophunzira akamachoka. Kagulu kameneka satchulidwa kawirikawiri, poti nkhani yokoma kusimba ndi yoti ana asukulu akuyendetsa okha mabasi a mzinda wonse. Koma ndi amene amakumbukira chifukwa chake njira yakuti imakhotera pakuti, ndi zimene anagwirizana ndi khonsolo zaka khumi zapitazo.

Kusintha kwachiwiri, kumene kwa ine ndi kwakukulu kuposa konse, kunayamba kugwira ntchito mu 1990. Ophunzira a digiri yoyamba anavota kuti aliyense wa iwo azilipira kandalama ka mabasi pamodzi ndi fizi teremu iliyonse, kaya amakwera kaya sakwera. Posinthana ndi zimenezo, wophunzira akafika pakhomo la basi amangoonetsa chitupa chake cha pasukulu n'kulowa, kangati konse patsiku. Akatswiri atatu a ku yunivesite ya California ku Los Angeles, Jeffrey Brown, Daniel Hess ndi Donald Shoup, anafufuza mayunivesite 35 amene anali ndi dongosolo lotere ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 2001. Ku Davis, m'chaka choyamba chokha maulendo a okwera anakwera ndi 79 peresenti, n'kupitirira 1 miliyoni.

N'zosavuta kuona chifukwa chake. Munthu akamapisa m'thumba ulendo uliwonse, amayamba wadzifunsa ngati ulendowo ndi woyenera ndalamayo, ndipo amene ali ndi galimoto amangoliza injini. Ndalama ikalipidwa kale, funsolo limatha. Pa siteji napo zinthu zimafulumira, poti palibe wofunafuna tchenji pakhomo anzake ali pamzere. Koma phindu lalikulu linagwera bungwe lenilenilo. Chaka chisanayambe, Unitrans imadziwa kale ndalama zimene ilandire, chifukwa chiwerengero cha ophunzira chimadziwika. Itha kulemba madalaivala, kukonza ndandanda wa nthawi ndi kulonjeza kuti basi inyamuka pa mphindi yakuti. Ife amene tinazolowera minibasi yodikira kuti idzaze kaye pa depoti, injini ikulira ndipo oitanira akukuwa, tikudziwa chimene chimachitika dalaivala akamadya za mutu uliwonse umene wakwera. Basi yolipiridwa kale imanyamuka nthawi ikakwana ngakhale muli anthu atatu, ndipo poti imanyamuka pa nthawi yake, mawa lake anthu amaikhulupirira n'kudzaza.

Odandaula sanasowe, ndipo dandaulo lawo si lopepuka. Wophunzira wokhala pafupi, wopalasa njinga chaka chonse, alipiriranji basi imene sakwera? Yankho lina limabwera ndi mitambo. Tsiku la mvula apanjinga ambirimbiri amasiya njinga kunyumba n'kuthamangira ku siteji, mabasi amadzaza thothotho mpaka ena kusiyidwa, ndipo oyang'anira amatulutsa mabasi owonjezera pa njira zodzaza kwambiri. Amene amati sakwera uja, mu Januwale umamupeza waima pakati pa basi, chikwama chonyowa chili pachifuwa. Yankho linanso ndi la malo. Aliyense wobwera pa basi ndi galimoto imodzi yosafuna poimika, ndipo malo a galimoto imodzi m'nyumba zosanja zoimikamo magalimoto amadya madola masauzande ambiri pomanga. Shoup anathera moyo wake wonse wa ukatswiri akuonetsa kuti ndalama ya poimika galimoto imalipidwa ndi onse mobisika, ngakhale amene alibe galimoto. Ndalama ya basi ya ku Davis n'chimodzimodzi, kungoti iyo ndi yolembedwa poyera ndipo eni ake anaivotera.

Kuti munthu amvetse mmene basi, njinga ndi mapazi zimagawirana ntchito, aone pa nthawi yosinthana makalasi. Unitrans ili ndi madepoti awiri pasukulupo, ina pa Memorial Union chakumpoto, ina pa Silo, nyumba imene kale inali khola la ng'ombe za mkaka. Njira zake zimadziwika ndi zilembo, A, B, C mpaka m'tsogolo, ndipo ziwiri, P ndi Q, zimazungulira mzinda wonse, ina kulowera uku ina uko. Nthawi zake anazilumikiza ndi nthawi za makalasi. Kutatsala mphindi zochepa kuti phunziro liyambe, mabasi amafika motsatizana n'kukhuthula anthu, ndipo kalasi ikatuluka amakhala atandandalika kale kudikira. Kuchokera pa depoti, ulendo wotsalawo ndi wa pansi, pansi pa mitengo, popanda kuopa galimoto. Chowopsa pamenepo ndi njinga, zimene zimatuluka mbali zonse nthawi imodzi. Pofuna kuti zisamagundane, sukuluyo inamanga maraundabauti a njinga pa mphambano zake. Sabata yoyamba ya chaka cha maphunziro ophunzira akale amakonda kukhala m'mphepete mwa maraundabautiwo kuonerera atsopano akusokonezeka ndi kugwetsana, mwambo wopanda chifundo koma wosatha.

Mfundo yake ndi yoti basi siyenera kufika pakhomo la kalasi iliyonse. Imatula anthu pa malo awiri, ndipo poti Mrak ndi anzake anachotsa kale magalimoto pakati, munthu savutika kumaliza yekha. Sukulu imene ingagule mabasi koma pakati pake n'kusiya magalimoto akupikisana ndi oyenda pansi, mabasi akewo azidzangoima pa mzere womwewo wa magalimoto, ophunzira n'kumachedwabe.

Zaka za m'ma 1990 zinabweretsa zofuna zatsopano. Lamulo la 1990 loteteza anthu aulumali, Americans with Disabilities Act, linalamula kuti mabasi atsopano a anthu onse akhale oti munthu wa pa wilitcheya atha kukwera, chinthu chimene basi ya RT ndi kakhonde kake kokwera singathe. Ntchito yaikulu inasamukira ku mabasi amakono, ambiri mwa iwo oyendera gasi m'malo mwa dizilo, pamene khonsolo ili ndi magalimoto akeake a Davis Community Transit otenga pakhomo anthu amene sangathe kukwera basi wamba. Mu 2010 Unitrans inagula mabasi osanja amakono a Enviro500 a kampani ya ku Britain ya Alexander Dennis, ulendo uno makomo ali mbali yoyenera. Akale aja anatsala ochepa, oyenda pa njira zingapo nthawi ya sukulu ndi pa zikondwerero monga Picnic Day ya mu Epulo.

Nanga madalaivalawo amawapeza bwanji? Wophunzira amafunsira ntchito ngati ina iliyonse ya pasukulu, ambiri asanagwirepo chiwongolero cha galimoto yaikulu. Unitrans imamuphunzitsa yokha mpaka atapeza laisensi ya magalimoto akuluakulu onyamula anthu, imene ku California amaitcha Class B. Amayamba ndi malamulo ndi kuyendera basi asananyamuke: mabuleki, matayala, magetsi, magalasi. Kenako amazungulira pa bwalo lopanda anthu, n'kulowa mumsewu mphunzitsi ali pambali, n'kuloweza njira imodziimodzi. Malamulo a boma oyeza madalaivala ngati amwa mowa kapena mankhwala ozunguza bongo amamukhudza mofanana ndi dalaivala wa mumzinda waukulu. Mashifiti amadulidwa mwaifupi kuti alowe pakati pa makalasi, moti basi imodzi imasinthana madalaivala kangapo patsiku. Amene waonetsa khama amakwezedwa kukhala woyang'anira njira, wophunzitsa anzake kapena manijala, akadali ndi mayeso omudikira. Ambiri amene anadutsa m'menemu, oti anabwerera zaulimi kapena zamankhwala, anathera m'makampani a mabasi ndi sitima a mizinda ina.

Pali choonadi china chimene okonda Unitrans sachitchula mokweza. Mbali ina ya kutchipa kwake inali yoti ophunzira ankalandira malipiro otsika poyerekeza ndi madalaivala okhazikika a mizinda ina, amene ali ndi mabungwe owamenyera ufulu, penshoni ndi zina. Zimenezi zinaonekera poyera mu 2016, pamene California inakhazikitsa lamulo lokweza malipiro otsikitsitsa chaka ndi chaka, kuchoka pa madola 10 pa ola kufika pa madola 15 mu 2022. Dalaivala wa basi sungamulipire mofanana ndi wotsuka mbale, apo ayi asankha kutsuka mbale, kumene kulibe laisensi yovutikira kapena miyoyo ya anthu 60 kumbuyo kwake. Malipiro onse anayenera kukwera, pamene ndalama ya pa fizi inali yomwe ija. Bungwe linayamba kudya zimene linasunga, ndipo linachenjeza kuti lichepetsa maulendo. Kumayambiriro kwa 2019 nkhaniyi inabwereranso kwa eni ake pa riferendamu, ndipo ophunzira anavomera kukweza ndalama imene amalipira okha. Si kawirikawiri munthu wodandaula kale ndi fizi kuvotera kuti amuwonjezere ina. Anatero chifukwa ankadziwa chimene ataye.

Patangotha chaka, mu Malichi 2020, Covid-19 inatseka makalasi, maphunziro n'kusamukira pa intaneti, ophunzira n'kubwerera kwawo. Mabasi anapitiriza kuyenda mochepa kuti anthu a mumzinda afike ku ntchito ndi kuchipatala. Bala lenileni linadzaonekera pambuyo pake. Kampani wamba ikaimitsa ntchito kwa chaka, madalaivala ake amabwerera zinthu zikakhala bwino. Ku Unitrans amene anali odziwa ntchito anamaliza maphunziro n'kupita, ndipo m'mbuyo mwawo munalibe gulu latsopano lokwanira, chifukwa kuphunzitsa kunali kutasokonekera. Sukulu itatsegulidwanso kumapeto kwa 2021, mabasi analipo, ndalama inalipo, okwera anali mbwee pa masiteji, koma ogwira chiwongolero anali ochepa. Maulendo anachepetsedwa ndipo zinatenga nthawi kuti mzere wa ophunzitsidwa udzazenso. Mu 2022 bungweli linayamba kuyendetsa mabasi ake oyamba a magetsi.

Vuto limene lili patsogolo pake tsopano silili m'galaja. Yunivesite yakula kufika pa ophunzira pafupifupi 40,000, pamene kalembera wa 2020 anapeza anthu osakwana 67,000 mu mzinda wa Davis. Mu 2000 anthu a mumzindawo anavomereza lamulo lotchedwa Measure J, loti minda ya m'mphepete mwa mzinda isasandutsidwe malo a nyumba pokhapokha ovota atavomera, ndipo analiwonjezera moyo mu 2010 ndi mu 2020. Lamuloli lasunga minda ndipo lathandiza kuti mzinda ukhale wophatikizana, woti basi ndi njinga zitha kuufikira konsekonse. Koma ovota akana mapulani ambiri a nyumba. Anakana Covell Village mu 2005, anakana Nishi, malo oyandikana ndi sukulu penipeni, mu 2016, n'kudzavomera pulani ina ya pamalo omwewo mu 2018. Lendi yakwera, ndipo ophunzira ndi antchito ena akukhala ku Woodland, ku West Sacramento ndi ku Sacramento. Mabasi a Unitrans safika kumeneko. Kuli mabasi a Yolobus, kulinso a magetsi a Causeway Connection amene anayamba mu 2020 kulumikiza sukuluyi ndi chipatala chake cha ku Sacramento, koma ambiri okhala kutali amalowa m'galimoto, n'kudzafuna poimika pomwe paja.

Yunivesite yamanga zogona zina pa malo ake, monga The Green ku West Village, yokhala ophunzira oposa 3,000. Izi zathandiza, koma sizinathetse kusowa kwa nyumba. Wophunzira wokhala ku Woodland amalipira ndalama ya basi pa fizi yake mofanana ndi anzake, pamene basiyo sidutsa kwawo. Mlandu umenewu si wa madalaivala kapena wa ASUCD. Uli m'manja mwa ovota a mu Davis, ambiri a iwo eni nyumba, ndipo ayenera kulola kuti nyumba zimangidwe kumene basi ikufika kale.